Zocita za Mkulu Wopuma pa Nchito

Kabulonga ndi dera lina la mzinda wa Lusaka, ndipo liri cakum'mawa kwa pakati pa mzindawo. Miseu yake ina inapatsidwa maina a nyama za m'thengo m'Cingerezi, monga Kudu Road ndi Sable Road, ndiko kunena kuti mseu wa ngoma ndi mseu wa mphalapala. M'mbali mwa miseuyo muli mitengo ikulu-ikulu ya mthunzi, ndipo ina mwa iyo imacita maluwa okongola dzuwa likatentha, mvula isanayambe. Dziko lisanalandire ufulu mu 1964, m'dera limeneli munali kukhala Azungu. Masukulu awiri amene lero atchedwa Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls anali a ana ao, ndipo maina ao nthawi imeneyo anali Gilbert Rennie ndi Jean Rennie.

M'nyumba ina ya m'dera limeneli mukhala mkulu wina wa imvi za mbuu, amene anabadwira ku cigawo ca kum'mawa nagwira nchito ya ukalaliki m'boma zaka zambiri. Tsopano anapuma. Anthu owaona amazizwa, pakuti ngakhale sapitanso ku ofesi, nthawi imawacepera monga kale. M'mawa amakhala pa kompyuta, masana amasewera masewera oyesa nzeru, ndipo Loweruka lina amatenga adzukulu ao kukaona zinthu zakale. Kodi munthu wamkulu cotere acitiranji zinthu zooneka ngati za ana?

Kupuma pa nchito

Munthu wolembedwa nchito m'boma kapena m'kampani sagwira kufikira imfa. Zaka zake zikakwana amasiya malo ake kuti alowepo wina. Kale m'Zambia anthu anali kupuma atakwanitsa zaka 55. Mu 2015 lamulo linasinthidwa, ndipo msinkhu wopumira unakhala zaka 60, koma wofuna analoledwa kupuma pa zaka 55 kapena kupitiriza kufikira zaka 65. Wopumayo amalandira penshoni, ndizo ndalama zimene zinali kudulidwa pa malipiro ake mwezi ndi mwezi, womlemba nchito naonjezapo zake. Bungwe la NAPSA, limene limasunga ndalama zotere za anthu ambiri, linayamba nchito yake m'caka ca 2000.

Kumudzi kupuma kotere kulibe. Mlimi akakalamba saleka nchito tsiku limodzi. Msana ukayamba kukana khasu, amakhala pamthunzi naluka mphasa, nasema mipini, ndipo mlandu ukabuka amaitanidwa kubwalo. Koma wa m'tauni amatseka citseko ca ofesi Lacisanu madzulo, ndipo Lolemba m'mawa amadzuka alibe kopita. Anzake onse ali kunchito, ana anakula nabalalika, mpanda wa nyumba ndi wautali. Ambiri amangokhala pakhonde kuyambira m'mawa kufikira dzuwa kulowa, ena amagwa m'mowa, ndipo posacedwa thupi ndi mtima zimafooka pamodzi.

Nzeru za munthu zifanana ndi khasu. Khasu lolima tsiku ndi tsiku limawala, koma loponyedwa kuseri kwa nkhokwe licita dzimbiri. Mkulu wa ku Kabulonga uja anazindikira zimenezi, ndipo cifukwa cake anadzifunira zocita zitatu.

Kompyuta

Pamene mkuluyu anayamba nchito, makalata anali kulembedwa pa makina otaipira, ndipo masamu a ndalama anali kuwerengedwa m'mabuku akulu a mizere. Makompyuta analipo, koma anali a maboma ndi makampani akulu okha. Imodzi ya makompyuta oyamba, yotchedwa ENIAC, inaonetsedwa ku America mu 1946. Inadzaza cipinda cacikulu ndipo kulemera kwake kunali pafupi matani 30. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 anthu anapanga makompyuta okwana pa tebulo la m'nyumba. Intaneti, ndiyo njira yolumikiza makompyuta a pa dziko lonse, inafika m'Zambia mu 1994 mwa khama la anthu a pa University of Zambia, ndipo Zambia inali pakati pa maiko oyamba mu Africa kuilandira.

Mkuluyu anaphunzira kompyuta atakalamba kale, ndipo mphunzitsi wao anali mdzukulu wao wa sukulu ya pulaimale. Sanacite manyazi kufunsa mwana, pakuti akulu anati safunsa anadya phula. Tsiku lina anafunsa kuti, "Kodi iwe, cinthuci cidziwa bwanji zilembo?" Mwanayo anati, "Agogo, zimenezo sanatiphunzitse." Tsono onse awiri anafuna-funa yankho kufikira analipeza.

Yankho lake ndi ili. Kompyuta sidziwa cilembo ngakhale cimodzi. Idziwa zinthu ziwiri zokha: kuti magetsi akupita kapena sakupita. Akamapita timalemba 1, akaleka timalemba 0. Munthu aganizire nyale 8 zoikidwa pa mzere umodzi. Kuyambira kumanja, nyale yoyamba iimira 1, yaciwiri 2, yacitatu 4, ndipo zotsatira ziimira 8, 16, 32, 64 ndi 128. Iri yonse iposa inzake kawiri. Poyatsa zina ndi kuzima zina, munthu angathe kupanga mitundu 256 yosiyana. Anthu anapangana kuti cilembo cacikulu A cikhale nambala 65. Tsono 65 ndi 64 kuonjezapo 1, ndipo nyale ziwiri zokhazo ndizo ziyaka. Pa cifukwa cimeneci kompyuta isunga A motere: 01000001. Cilembo B ndi 66, ndiko kuti 64 ndi 2, ndipo cilembedwa 01000010. Mau onse, zithunzi ndi nyimbo zimene ziri m'kompyuta kapena m'foni zasungidwa mwa njira yomweyi. Cimene kompyuta iposera munthu ndi liwiro lokha.

Nchito yaikulu imene mkuluyu amacita pa kompyuta ndiyo kulemba mbiri ya banja lao. Amalemba maina a makolo, mfunda wao, midzi imene anakhalamo, ndi cifukwa cimene anasamukira. Zithunzi zakale zimene zinayamba kufufuma m'sutukesi anazijambulanso nazisunga m'kompyutamo, ndipo pansi pa ciri conse analembapo dzina la munthuyo ndi caka. Lamulungu madzulo amalankhula ndi mwana wao wa ku Johannesburg, akuonana nkhope ngati ali m'cipinda cimodzi.

Pali zinthu ziwiri zimene amacenjera nazo. Coyamba, makina amafa, ndiponso magetsi amazima. Mu 2024 kunali cilala cacikulu, madzi anacepa m'nyanja ya Kariba kumene kucokera magetsi ambiri, ndipo nyumba za m'Lusaka zinali kukhala mumdima maora ambiri pa tsiku. Cotero zonse zimene alemba amazisunga pa malo awiri, ndipo zofunika kopambana amazisindikiza pa pepala. Caciwiri, akuba a masiku ano sathyola citseko cokha. Amatumiza uthenga pa foni wonena kuti munthu wapata mphatso, napempha nambala yacinsinsi ya ku banki, ndipo okalamba olandira penshoni ndiwo amasakidwa kwambiri. Nambala imeneyo mkuluyu sauza munthu ali yense.

Masewera oyesa nzeru

Masana, atadya nsima, mkuluyu amatenga pensulo natsegula nyuzipepala pa tsamba la masewera. Pamenepo pamakhala crossword, ndiwo mabokosi ang'ono-ang'ono olembamo mau, ena copingasa ena cotsika, ndipo mau ali onse ali ndi funso lake. Sewero limeneli linasindikizidwa koyamba m'nyuzipepala ya ku New York pa 21 Disembala 1913, ndipo analipanga ndi Arthur Wynne. Lina ndi sudoku. Liri ndi mabokosi 81, mizere 9 yopingasa ndi 9 yotsika, ndipo lagawidwanso m'zigawo 9. Wosewera alemba manambala kuyambira 1 kufikira 9, koma nambala isabwerezedwe mu mzere umodzi kapena m'cigawo cimodzi. Sewero limeneli linayamba ku America mu 1979, dzina lake linacokera ku Japan, ndipo linawanda pa dziko lonse kuyambira mu 2004. Silifuna kuonkhetsa kapena kucotsera. Lifuna kuona bwino ndi kudekha.

Palinso cithunzi coduladula, cimene Angerezi amati jigsaw. Amati anaciyamba ndi John Spilsbury wa ku London m'zaka za m'ma 1760. Iye anali kumata mapu pa thabwa nalidula motsata malire a maiko, kuti ana polumikiza zidutswazo aphunzire pamene pali dziko liri lonse. Tsono sewero limeneli linabadwira m'sukulu.

Koma munthu asaganize kuti masewera a nzeru anadza ndi Azungu. Makolo anali nao ao. Madzulo pamoto wina anali kunena kuti, "Cirapi!" ndipo ena anali kuyankha kuti, "Nacize!" Pamenepo iye anati, "Nyumba ya amai yopanda khomo," ndipo ana anali kuvutika kufikira wina atatchula dzira. Amuna anali ndi nsolo, umene maenje ake amakumbidwa pansi m'mizere 4, wosewera ali yense nakhala ndi mizere iwiri. Ku Malawi amasewera bawo pa thabwa la maenje 32 ndi nkhomo 64. Katswiri wa nsolo amawerenga mumtima pamene mwala wake wotsiriza udzagwera asanakhudze n'komwe dzenje. Mkulu wa ku Kabulonga anakumbitsa nsolo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, ndipo anzao awiri atatu opuma pa nchito amabwera kudzasewera nao.

Funso limene amakonda kupatsa adzukulu ao ndi la munthu wooloka mtsinje, limene lidziwika m'maiko ambiri a mu Africa ndi kunja komwe. Munthu ali ndi kambuku, mbuzi ndi mtolo wa cinangwa. Bwato lake ndi laling'ono, ndipo angathe kutenga cimodzi cokha pa ulendo. Akasiya kambuku ndi mbuzi paokha, mbuzi idyedwa. Akasiya mbuzi ndi cinangwa, cinangwa citha. Adzaolotsa bwanji zonse?

Ana ambiri amayamba bwino. Amaolotsa mbuzi, pakuti kambuku sadya cinangwa, ndipo munthuyo abwerera yekha. Koma pamenepo amasowa cocita, cifukwa ciri conse cimene angatenge cikasiyidwa tsidya lija pamodzi ndi mbuzi, padzaoneka tsoka. Cinsinsi cake ndi cakuti bwato lingathe kusenza katundu pobwerera. Munthuyo aolotsa kambuku, natenga mbuzi kubwera nayo tsidya lino. Aisiya pomwepo, naolotsa cinangwa kukacisiya ndi kambuku. Abwerera yekha, ndipo potsiriza aolotsa mbuzi. Waoloka mtsinje maulendo 7, ndipo palibe cadyedwa. Mwana wolephera funso limeneli salephera cifukwa ca kupusa, koma cifukwa anadziikira yekha lamulo limene palibe analinena, lakuti coolotsedwa kale sicibwerera.

Nyumba zosungiramo zinthu zakale

Loweruka likafika, mkuluyu amavala jekete natenga ndodo, ndipo iwo ndi adzukulu amalowera kumadzulo cakumzinda. Pa mseu wa Independence Avenue pali Lusaka National Museum, imene inatsegulidwa mu 1996. M'cipinda capansi muli zithunzi ndi zosema za amisiri a m'Zambia. Pamwamba pali zida zamwala za anthu akale-kale, mbiya, ng'oma, zitsanzo za moyo wa kumudzi, ndi zithunzi za nthawi yomenyera ufulu. Pafupi ndi nyumbayo paima cifanizo ca munthu wodula maunyolo, cimene cinaimikidwa kukumbutsa anthu za ufulu.

M'nyumba zotere ana amaphunzira kuti dziko lao ndi lakale ndithu. Mu 1921 anthu okumba mgodi ku Broken Hill, kumene lero kutchedwa Kabwe, anapeza cigaza ca munthu wa mtundu wakale. Akatswiri amene anaciyesa mu 2020 anati zaka zake ziri pafupi 300,000. Cigazaco cinatumizidwa ku London nicisungidwa ku Natural History Museum, ndipo boma la Zambia lapempha kuti cibwezedwe kwao.

Tsiku lina amapita ku Chilenje, kukaona nyumba nambala 394. Ndi nyumba yaing'ono monga zinzake za m'komboni, koma m'menemo munakhala Kenneth Kaunda ndi banja lake kuyambira mu 1960 kufikira mu 1962, pamene anali kutsogolera cipani ca UNIP. Galimoto ya Land Rover imene anali kuyendera pa nchito ya cipani inasungidwa pomwepo. Iye anakhala mtsogoleri woyamba wa dziko pa 24 Okutobala 1964, nasiya udindowo mu 1991. Nayenso atapuma sanakhale manja lende: anali kuimba gitala, kusewera gofu, ndi kucenjeza anthu za matenda a Edzi, ndipo anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 97. Pobwerera angathe kupatukira ku Kabwata Cultural Village, kumene kwatsala nyumba zozungulira zofolera ndi udzu zimene zinamangidwira anchito aciAfrica m'nthawi ya atsamunda. Lero amisiri amasema ndi kugulitsa zinthu zao kumeneko. Nyumba yosungiramo zakale yoyamba m'dziko lino iri kutali, ku Livingstone. Inayamba mu 1934, mzindawo ukali likulu la boma, pakuti likulu linasamukira ku Lusaka mu 1935.

Cinthu coikidwa m'galasi sicilankhula. Pepala lomatidwa pambali pake linena dzina ndi caka, basi. Koma mwana woyenda ndi agogo ake amamva zambiri. Ataima pa zithunzi za nthawi ya atsamunda, mkuluyu amafotokoza za citupa, cikalata cimene mwamuna waciAfrica anali kuyenda naco kuti aloledwe kukhala m'tauni, ndi za masitolo amene munthu wakuda anali kugulira pa zenera, osaloledwa kulowa pakhomo. Amafotokozanso m'mene anthu anaimbira ndi kuvina usiku wa ufulu, iwo ali mnyamata.

Kunyumba ali ndi kacitini ka ndalama zakale. Muli kobiri loboola pakati la m'nthawi ya citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, muli tiki ndi sheleni, ndiponso ngwee zoyamba za mu 1968, caka cimene kwaca inalowa m'malo mwa paundi. Adzukulu amazigwira ndi manja ao, cimene saloledwa kucita m'nyumba zikulu-zikulu zija.

Phindu lake

Zocita zitatuzi zioneka zosiyana, koma muzu wake ndi umodzi. Pa kompyuta, pa nsolo ndi m'nyumba ya zakale, mkuluyu alikufunsa funso ndi kufuna yankho lake. Ndiponso zonse zitatu zimawakumanitsa ndi anthu: mdzukulu wowaphunzitsa, anzao osewera nao, ana owafunsa. Madokotala amalangiza okalamba kuti azigwiritsa nchito nzeru zao, aziyenda ndi miyendo, ndipo asamakhale okha, pakuti zimenezi zithandiza thupi ndi maganizo.

Komabe masewera si mankhwala. Pali matenda a ubongo amene amagwira okalamba ena, ngakhale anzeru ndi akhama. Wodwalayo amaiwala maina a ana ake, amasokera njira ya kwao, ndipo nthawi zina amapezeka usiku pakhomo pa eni ake osadziwa kumene ali. M'midzi ndi m'makomboni ena anthu otere anenedwa kuti ndi mfiti, namenyedwa. Kumeneko ndi kulakwa kwakukulu. Munthu wotere ndi wodwala, ndipo ayenera kuperekezedwa kwao ndi kupita naye kucipatala.

Mbiri imene iri m'mutu mwa munthu wokalamba siikhala mpaka muyaya. Mkulu wa ku Kabulonga adziwa zimenezi, ndico cifukwa cake alikufulumira kulemba maina a makolo ao maganizo akali bwino. Mau a akulu akoma akagonera, koma sangagonere ngati palibe anawamva kapena kuwalemba.

Mkuluyu sanayambe kukonda zinthuzi pa tsiku lopuma nchito. Nsolo anauphunzira ali mbusa wa mbuzi, zirapi anazimva pamoto kwa agogo ao, ndipo kobiri loboola lija analisunga ali mwana wa sukulu. Kompyuta yokha ndiyo inadza mocedwa, koma inapeza munthu wozolowera kale kufunsa. Mmera mpoyamba. Mwana amene lero asonkhanitsa mbeu za mitengo, kapena kulemba nthano za agogo ake m'kabuku, alikudzikonzera cocita ca m'masiku a imvi.

Mafunso

1. Kodi kukalamba kwa mlimi wa kumudzi kusiyana bwanji ndi kwa munthu wa nchito ya mu ofesi?
2. Penshoni n'ciani, ndipo ndalama zake zicokera kuti?
3. Tchulani zinthu ziwiri zimene mkuluyu amacenjera nazo pa kompyuta ndi pa foni.
4. N'cifukwa ninji ana ambiri amalephera funso la kambuku, mbuzi ndi cinangwa?
5. Nyumba nambala 394 ya ku Chilenje inasungidwa cifukwa ninji?
6. Kodi munthu wokalamba woiwala-iwala ayenera kucitiridwa ciani?

Zocita

1. Cilembo C ndi nambala 67. Cilembeni ndi 0 ndi 1 monga kompyuta icisungira.
2. Funsani munthu wokalamba wa kwanu maina a makolo ake ndi mudzi umene anabadwira, ndipo mulembe m'kabuku kanu.
3. Ali yense abwere ndi cirapi cimodzi, kuti anzake m'kalasi ayese kucimasula.